Jekete ya Mkono Umodzi Wautali

3 Epulo

Okondedwa Ababa,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi Amayi ndiponso mng'ono wanga Kabatani. Bondo lija likuti bwanji? Ine kuno ndili bwino, kungoti zala zatha ndi singano, chifukwa chionetsero cha zovala za chaka chino chayandikira. Chidzachitika pa 16 Meyi.

Khalani pansi kaye musanapitirize kuwerenga. Mwa zovala makumi awiri ndi zinayi zimene zidzaonetsedwe, chimodzi ndi changa. Sindikunena chimene ndangosoka, poti kusokera Madamu, eni ake a nyumba yathu ya mafashoni, ndakhala ndikuwasokera zaka zisanu ndi chimodzi. Ndikunena chimene ndachiganiza ndekha, kuchijambula ndekha, n'kuchidula ndekha. Ndi jekete yachizimayi. Madamu anaipeza pa chidole choyezerapo zovala Lachiwiri, anaizungulira kawiri, kenako anati, "Iyi ilowa." Kuno lamulo lake ndi lakuti chovala chako chikalowa n'kukondedwa, umapatsidwa tebulo lako lodulirapo. Chikakanika, umabwerera pa makina pako, ndipo mwayi wotere sukupezanso msanga.

Munandifunsa kuti anthu akuvala zotani masiku ano. Mapewa a majekete akula, mabuluku atambalala ngati masiketi, ndipo mitundu yokondedwa ndi yotuwa ngati phulusa ndi yofiirira ngati njerwa. Mapewa aakuluwo ine ndawalandira ndi manja awiri, chifukwa mkazi akavala amaoneka ngati wabwera kudzatsogolera msonkhano, osati kudzathira tiyi. Koma madiresi oonekera m'kati ngati neti ya udzudzu ndawakana. Sabata yatha tinakaona chionetsero cha wokonza masitayilo wina wotchuka. Siketi imodzi inali ndi matumba khumi ndi awiri, onse otseka, osalowa ngakhale chala. Anthu anawomba m'manja, ine ndinangokumbuka mawu anu akuti thumba losalowa dzanja ndi bodza losokedwa.

Tsopano pempho langa. Jekete yanga ikufunika mabowo asanu a mabatani osokedwa pamanja. Kuno tilipo osoka khumi ndi asanu ndi mmodzi, koma mabowo tonse timadalira makina, ndipo a makina amaoneka ngati pakamwa pa nsomba. Anga a pamanja ndi abwinoko, koma safika pa anu. Kodi mungandisokere? Mukavomera ndiitumiza ndi dalaivala wa basi uja, pamodzi ndi kalata yofotokoza zonse.

Ndaikamo timabotolo titatu ta pefyumu, toyeserera. Chonde musaweruze pongotsegula. Pefyumu imalankhula katatu: fungo loyamba limathawa msanga, lachiwiri limabwera patatha ola, ndipo lenileni ndi lotsala madzulo pa kolala. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kachitatu, kachivundikiro chakuda, ndi kamene ine ndimakakonda kuposa pefyumu iliyonse.

Ndine mwana wanu,
Kasingano

9 Epulo

Kasingano mwana wanga,

Moni. Kalata yako yafika dzulo. Ife tili bwino. Bondo lilipo, ndipo limandiuza za mvula molondola kuposa wailesi.

Amayi ako atamva za jekete anakuwa mwachimwemwe mpaka wometa wa khomo loyandikana nafe anathamangira kuno, kusiya kasitomala ali mutu theka. Ine sindinakuwe, chifukwa sindinadabwe. Ndikukumbukira uli ndi zaka khumi ndi chimodzi, tsiku lililonse ukundibweretsera kansanza kokhala ndi mabowo atatu, n'kumati, "Ababa, lakhoza ndi liti? Musandinamize." Chaka chathunthu ndinkati palibe. Sunalire, ndipo sunasiye. Tumiza jeketeyo. Ulusi wolimba ndili nawo, ndipo magalasi atsopanowa akuona.

Za mabuluku otambalala usandiuze ngati nkhani yatsopano. M'zaka makumi anayi pa makina awa ndawaona akutambalala n'kufinyika katatu. Fashoni ndi basi yoyenda msewu umodzi: ukaiphonya, ingokhala pa siteji pomwepo, ikupezanso. Chimene ndimadana nacho n'chakuti mabuluku akafinyika, matelala ena amasangalala, poti nsalu imatsala yambiri ndipo amaibisa pansi pa tebulo. Ine nsalu ya mwini imabwerera kwa mwini yonse. Ngakhale kachidutswa kochepa ngati tikiti ya basi, ndimakapinda n'kukaika m'thumba la chovalacho. Mapewa aakulu ndilibe nawo mlandu, malinga ngati wovalayo angathe kudutsa pakhomo osapendekeka.

Mapefyumu ako tawayesa monga unanenera, modekha. Koyamba kakununkhira ngati maluwa amene aiwalidwa m'galimoto yotseka. Kachiwiri ndi makoko a lalanje basi, ndipo amayi ako akathira pa pilo. Kachitatu, kako kokondedwako, ndakanunkhiza m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo sindinamve kanthu. Mwina anakugulitsa madzi.

Ndine bambo wako

Achemwali, ndine Kabatani, ndaba malo pansi pa kalata ya Ababa. Musawamvere, kamaluwako ndi kabwino kwambiri, ndakatenga ine. Ndinadzola popita kusukulu ndipo aphunzitsi anzanga onse anandizungulira ngati njuchi. Koma kachitatuko, achemwali, mwandikhumudwitsa. Ababa sakumva kanthu chifukwa kakununkhira ndendende ngati shopu yawo: kabati yakale, choko, ndi simbi yamoto pa nsalu yonyowa. Munapita kutali konseko kukagula fungo limene kuno timalipuma ulere? Komanso dziwani kuti amene akuti sanadabwewa awerengera kalata yanu makasitomala asanu ndi awiri, ena ongodzasoketsa zipi.

14 Epulo

Okondedwa Ababa,

Moni nonse. Ndikulemba mothamanga ndiponso mwamanyazi. Ndapereka phukusi la jekete kwa dalaivala m'mawa uno, ndipo nditabwerera ku ntchito ndapeza kalata yofotokoza ija ili pansi pa lumo. Basi inali itanyamuka kale. Ndiye ndikulembanso n'kutumiza pa positi, poti dalaivala sabweranso kuno mpaka sabata yamawa. Ndikhulupirira ikupezani musanayambe.

Mukatsegula phukusilo mudzaganiza kuti jeketeyo sinathe. Inatha, Ababa. Chatsala ndi mabowo asanu okha, pamene ndalemba ndi choko. Zina zonse musakhudze, ndipo ndikufotokozereni chifukwa chake.

M'munsi mwake simopinda. Muli mphonje zimene ndinapanga posolola ulusi umodziumodzi masiku anayi, zina zazitali zina zazifupi, kuti munthu akamayenda zizigwedezeka. Mkono wakumanzere ndi wautali kuposa wakumanja, umaphimba zala, ndipo ndinachita dala. Ulusi woyera wogwirizira umene uli pa kolala si woti uchotsedwe. Nsalu yam'kati mulibe, kuti misoko izioneka.

Ndikudziwa kuti mukupukusa mutu. Koma maganizo amenewa ndinawatenga m'shopu yanu yomweyo. Ndili mwana ndinkakonda kuyang'ana suti ikakhala pa chidole chanu isanathe, ulusi woyera uli mbee pa kolala, mkono umodzi utalowa wina usanalowe, mizere ya choko ikuoneka. Nthawi imeneyo ndi imene ndinkaona kuti sutiyo ili ndi moyo, chifukwa dzanja la woisoka linkaonekera. Ikatha, ntchito yanu yonse inkabisika m'kati, ndipo mwini wake ankangoyamikira nsalu. Ndinafuna kupanga chovala chimene sichibisa woisoka. Okonza masitayilo ambiri chaka chino akusiya m'mphepete osapinda, koma ambiri akungong'amba ndi lumo kuti zioneke zachilendo. Zimenezo ine ndimaziona ngati ulesi wovala tayi. Kusiya chinthu chosamaliza n'kukhala chokongola kumafuna kuti udziwe kaye kumaliza kwake, ndipo zimenezo munandiphunzitsa ndinu.

Chinanso chofunika: nsalu yotuwayo ndi yaubweya, yolukidwa pamanja, ndipo imeneyo inali yotsiriza. Palibe ina, ngakhale yokwanira thumba.

Mupereke moni kwa Amayi. Kabatani mumuuze kuti mphuno yake ikadali ya mwana, imangofuna za shuga.

Mwana wanu,
Kasingano

20 Epulo

Kasingano mwana wanga,

Moni. Tili bwino tonse. Jekete yako ndi iyi, yabwerera ndi dalaivala yemwe uja. Inafika Lachitatu popanda kalata. Ndinafufuza m'phukusi monse, ndinakutumula pepala, osapeza kanthu. Koma nditaiyala pa tebulo ndinamva zonse zimene unalephera kulemba.

Mwana wanga, bwanji sunangonena kuti ntchito yakuchulukira? Unapempha mabowo okha chifukwa cha manyazi, ndikudziwa, khalidwe limenelo unatengera ine. Koma ndinaona m'munsi mosapinda, nsalu ikuyoyoka yokha, ulusi wogwirizira ukadali pa kolala, m'kati muli mbulanda. Ndipo mkono wakumanzere! Iwe amene sunalakwitsepo muyeso chiyambire, kusiyanitsa manja ndi mainchesi atatu? Ndinati mwanayu sakugona, akumugwiritsa ntchito ngati makina. Amayi ako anati ndidikire kaye kalata, ine ndinati chionetsero sichidikira positi.

Choncho ndinaika pambali masuti awiri a makasitomala ndipo masiku asanu ndakhala pa jekete yako yokha. Usadere nkhawa, palibe amene adzadziwe kuti ndinathandizapo. Zoyoyoka zija ndazidula bwinobwino n'kupinda m'munsi pamanja, msoko wosaoneka kunja. Mkono ndaufupikitsa, tsopano onse ndi ofanana, ukhoza kuyeza ndi tepi yako. Ulusi woyera ndachotsa wonse n'kusita kolala mpaka inagona ngati tsamba. M'kati ndaikamo nsalu ya silika yofiirira ija imene ndakhala ndikusunga pamwamba pa kabati zaka makumi awiri, kudikira chovala choyenera. Ndawonjezeranso thumba lam'kati, lenileni, lolowa dzanja. Mabowo asanu ali pamene unalemba. Bowo lachitatu kuchokera pamwamba ndi limene landikondweretsa kwambiri.

Ndikuuze zoona, kadulidwe kako ndi kabwino. Msana wagwa bwino, mapewa akhala, ndipo sindinapeze poti ndikonze pamenepo. Ndinaiveka chidole n'kuitana wometa kuti adzaone. Iye anati mkazi wovala imeneyi sangayime pa mzere ku banki, amulowetsa mwachindunji kwa bwana.

Tsopano gona tulo. Ukaipereka kwa Madamu ako uimirire mowongoka.

Ndine bambo wako

22 Epulo

Achemwali,

Moni. Sindikufunsani ngati muli bwino chifukwa ndikudziwa kuti phukusi mwalitsegula.

Kalata yanu ya pa positi yafika lero masana, patatha masiku asanu ndi atatu. Ndinali ndangobwera kuchokera kusukulu ndipo ndinawapeza Ababa ali pa makina, akuimba. Anaitsegula akumwetulira, akuti, "Nayi ya kuthokoza, yafulumira." Anawerenga ataimirira. Kenako anakhala pansi n'kuwerenganso. Atafika pamene munalemba za suti ya pa chidole chawo, anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ndipo anawapukuta nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira.

Amayi anatsegula pakamwa kuti anene zoti anawachenjeza. Ndinawatsina pa mkono ndipo anatseka. Ababa anangoti, "Safunsa anadya phula," n'kutseka shopu dzuwa likadali pamutu. Inu mukudziwa kuti shopu imeneyi sinatsekedwepo masana, ngakhale tsiku limene ine ndinabadwa.

Sindikuwaikira kumbuyo, achemwali. Analakwitsa. Koma ndinawaona masiku asanu amenewo. Ankasamba m'manja katatu asanaigwire jeketeyo. Silika uja Amayi anawapempha kangapo kuti awasokere bulauzi ndipo ankakana. Ndiye mukamalemba, lembani mtima utatsika. Ngati mukufuna wina woti mumukalipire, lemberani ine, khungu langa ndi lolimba, ndimaphunzitsa ana makumi asanu ndi limodzi.

Kunena zoona inenso nditaiona koyamba ndinaganiza kuti yadyedwa ndi makoswe m'basi. Mafashoni anuwa amafunika kubwera ndi womasulira.

Tiuzeni msanga zimene Madamu anena.

Mng'ono wanu,
Kabatani

2 Meyi

Kasingano mwana wanga,

Moni. Dalaivala wabwera kawiri wopanda kalata yako. Sindikudandaula, ukanakhala iwe wadula chovala changa osafunsa, inenso ndikanakhala chete.

Ndalakwa. Ndinaona ntchito ya mmisiri n'kuiyesa ntchito ya mwana wotopa, chifukwa m'maso mwanga ukadali wa kansanza ka mabowo atatu. Kasitomala wachilendo akanandibweretsera jekete yotere, ndikanamufunsa kaye. Iwe sindinakufunse chifukwa ndiwe wanga. Pepa.

Ndaganizira zimene zingabwezeke. Silika angachoke, misoko yake ndi yapamanja, umasule kuyambira pa khosi. Ulusi woyera ungabwerere pa kolala. M'munsi mungapindulidwe, koma mukhala mofupika ndiponso mosalala. Mkono ndiye madzi atayika, saoleka. Ngati zingathandize, ndikhoza kukwera basi n'kudzawauza Madamu ako pamaso kuti wolakwa ndine. Suti yoti ndivale ndili nayo.

Amayi ako akupereka moni. Akuti udye.

Ndine bambo wako

Ndinaiwala kunena m'kalata ija: zimene ndinadula zonse, mphonje zako ndi kachidutswa ka mkono, zili m'thumba lam'kati monga mwa nthawi zonse. Ndinazikulunga m'pepala lopyapyala. Ulusi woyera ulinso momwemo, ndinaukulunga pa kakhadi. Sizithandiza kanthu, koma ndi zako.

5 Meyi

Okondedwa Ababa,

Moni, ndipo pepani chifukwa cha kukhala chete kwanga. Musakwere basi. Bondo lanu silinalakwe kanthu.

Sindikubisirani. Nditatsegula phukusi ndinalira, ndipo ndinakwiya kwambiri moti ndinakulemberani makalata awiri amene ndinawang'amba. Jekete ndinaionetsa kwa Madamu mawa lake. Anaitembenuza, anayang'ana m'kati nthawi yaitali, anapititsa chala pa mabowo anu, n'kunena kuti, "Amene wasoka izi ndi mmisiri, ndipo amisiri otere atsala ochepa. Koma iyi si jekete imene ndinasankha. Pakati pa zovala zinazo ioneka ngati mkulu wasukulu amene wasochera n'kulowa m'dansi." Anandipatsa mpaka pa 8 Meyi kuti ndibweretse chimene anasankha chija, apo ayi malo anga apatsidwa kwa wina. Ndinaikulunga n'kuiponya pansi pa tebulo, ndipo masiku onsewa ndakhala ndikuyendayenda m'masitolo kufunafuna nsalu yofanana nayo. Kulibe.

Kalata yanu ndaiwerenga dzulo pa nthawi yopuma, tiyi ali m'manja. Nditafika pa mizere yomalizayo, tiyi anatayikira pa siketi. Ndinakwawira pansi pa tebulo anzanga akundiyang'ana, n'kupisa dzanja m'thumba lanu lija. Ababa, ine mwana wobadwira m'shopu yanu, kuiwala kuti simutaya nsalu ya mwini! Zonse zilimo. Ndipo simunadule mwachisawawa: mphonje munazidula mzere umodzi wautali, ndi kansalu kozigwirizira pamwamba pake, ngati kuti mumadziwa.

Ndakhala nazo pa tebulo tsiku lonse. Poyamba ndimafuna kumasula zanu zonse n'kulumikiza zanga mobisa, kuti zioneke ngati palibe chinachitika. Koma nditaika lumo pa msoko wanu woyamba, dzanja linakana. Komanso kulumikiza mobisa kukanakhala bodza, ndipo jekete imeneyi ndinaipanga kuti isabise woisoka. Tsopano oisoka tilipo awiri.

Ndiye ndachita chonchi. Zanu zonse zikhala: silika, thumba, mpendero wanu wosaoneka. Mphonje zanga ndikuzisokerera kunja, pamwamba pa mpendero wanuwo, ndi ulusi woyera womwe uja, misoko ikuluikulu yoti munthu aione ali kumbuyo kwa holo. Kachidutswa ka mkono ndikabwezera chimodzimodzi, polumikizira pakuoneka poyera, silika wanu akusuzumira pang'ono. Sindikudziwa ngati Madamu avomera. Lachisanu tidziwa.

Chinthu china. Pamene ndinali pansi pa tebulo paja, nkhope ili mu jekete, ndinamva fungo la shopu yanu. Kabatani ananena zoona, koma musamuuze. Zaka zitatu ndakhala ndikufotokozera anthu kuti pefyumu yanga ili ndi fungo la mtengo wouma, utsi pang'ono ndi chikopa. Sindinkadziwa kuti ndikufotokoza kabati yanu.

Mwana wanu,
Kasingano

18 Meyi

Okondedwa Ababa, Amayi, ndi iwe Kabatani,

Moni nonse. Kabatani, werenga mokweza ndipo usadumphe mizere.

Lachisanu lija Madamu anaizungulira katatu, osati kawiri. Anakoka mkono wautali uja, anaupinda kuti silika aoneke, n'kundifunsa kuti, "Pamenepa inali ngozi kapena dala?" Ndinati poyamba ngozi, kenako dala. Anaseka, chinthu chimene sachita kawirikawiri, n'kunena kuti mphonje za kumbuyo zalemera, ndichotseko. Ndinachotsako, ndipo anali olondola.

Loweruka jekete yathu inatuluka yachisanu ndi chinayi. Ine ndinali kuseri kwa katani, mapini ali pakamwa, ndikuonera pa kampata. Mtsikana amene anaivala ndi wamtali ngati chitseko, ndipo ndinamupempha chinthu chimodzi chokha: akafika kumapeto kwa msewu woyendamo, atsegule jekete n'kupisa dzanja m'thumba lam'kati. Anatero. Silika uja anawala, ndipo ndinamva anthu a mzere wakutsogolo akung'ung'udza. Sindinama kuti holo yonse inaimirira. Diresi yobiriwira ya Madamu ndi imene inalandira m'manja mwambiri, ndipo inayenera, ngakhale ine ndikanaichotsa uta waukulu wa pa chiuno. Munthu wina wolemba za mafashoni anati jekete yathu ikuoneka ngati anthu awiri akukangana. Mayi wina amene anakhala pafupi naye anati, "Eya, koma okondana."

Chachikulu ndi ichi: tebulo lodulirapo ndapatsidwa. Lili pafupi ndi zenera, mwendo umodzi ndi waufupi, ndauikira kachidutswa ka katoni.

Ndipo pali amayi anayi amene akufuna jekete yotere, aliyense ndi nsalu yakeyake. Madamu akuti m'kati mwake ndi mabowo asokedwe ndi dzanja lomwe lija, apo ayi sagulitsa. Ndawauza kuti dzanjalo lili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo ndi wovuta. Ababa, mukuti bwanji? Ndizidula kuno, inu muzisoka m'kati, ine ndizimaliza kunja. Kalata ndizidzaisokerera pa kolala ndi ulusi, kuti isatsalenso pansi pa lumo.

Kabatani, ndakuikira botolo lathunthu la maluwa ako a shuga. Uzidzola kadontho kamodzi, ana asukulu asamakomoke. Amayi, lanu la lalanje lilimonso, koma ndi la pakhungu, osati la pilo.

Wanu,
Kasingano

24 Meyi

Kasingano mwana wanga,

Moni. Tili bwino. Shopu ndi yotsegula, ndipo makasitomala a masuti awiri aja andikhululukira.

Kalata yako Kabatani waiwerenga katatu, kamodzi kwa ife, kawiri kwa wometa ndi anthu ake. Amayi ako akuti ndikuuze kuti iwo ananena kuti ndidikire kalata. Ndakuuza. Akutinso pilo ndi wawo, achita naye zimene akufuna.

Za amayi anayiwo ndavomera. Koma uwauze Madamu kuti ine sindithamangitsidwa, jekete imodzi sabata imodzi, ndipo thumba lililonse likhala lolowa dzanja. Silika ugule wolemera, osati wonyezimira ngati pepala la maswiti. Za uta wa pa chiuno ndikugwirizana nawe ngakhale sindinauone. Mkazi si mphatso yoti ikulungidwe.

Pefyumu yako yachivundikiro chakuda ndinadzola lero m'mawa, kuti ndione. Ndinadutsa pamaso pa amayi ako kanayi. Pomaliza ndinafunsa ngati akumva kanthu. Anandinunkhiza paphewa n'kunena kuti, "Mukununkhira ngati masiku onse, bwanji, mwadwala?" Ndiye botololo ndikubwezera, kwa ine n'kuthira madzi m'chitsime.

Tsopano nkhani imene ndalembera kalatayi. Lachinayi kunalibe anthu ambiri, ndiye ndinatenga kansalu kaubweya kuti ndiyese kupanga mphonje zako zija. Ndinkati ndi ntchito ya mphindi khumi, kuwononga nsalu kuli ndi vuto lanji. Ndinakhalapo mpaka dzuwa kupendeka. Ndikasolola mofanana, zikuoneka ngati nsalu ya pa tebulo la alendo. Ndikasolola mosiyanitsa, zikuoneka ngati galu wazitafuna. Zako sizinali choncho, zinkagwa ngati zamera zokha, ndipo sindikudziwa kuti unkasankha bwanji ulusi woti uchoke ndi woti utsale. Zaka makumi anayi ndakhala ndikutseka m'mphepete mwa nsalu, dzanja langa silidziwa kutsegula.

M'envulopu muno upeza kansanza. Ndayesapo katatu, ndalemba manambala ndi choko. Uyang'ane bwino pa tebulo lako la pazeneralo, ndipo undiyankhe ndi basi ya Lachitatu.

Lakhoza ndi liti? Usandinamize.

Ndine bambo wako